Mwana Amene Mwamuna Wanga Anatola Kuphiri

1

Dzina langa ndi Rosalina. Mudzi wathu sindiutchula, chifukwa ena amene ndiwanene muno ana awo akadali moyo. Ingodziwani kuti uli m'mbali mwa nyanja, kumwera kwa Meluluca, phiri kumbuyo, madzi kutsogolo. Nthawi ya nkhondo, zigawenga, zimene tinkazitcha anthu a m'thengo, zikatsika phirilo, kothawira kunali m'madzi basi.

Mu 1987 boma linatsegula eskolinya m'mudzi mwathu, kasukulu ka ana amene sanafike msinkhu woyamba kalasi. Sikanali ka mwana aliyense ayi. Kanali ka ana amasiye, ana a anthu othawa kumtunda kwa Maniamba, ndi ana otupa miyendo ndi njala. Ine ndinaphunzirako ku Msumba mpaka kalasi yachinayi, ndiye anandisankha n'kunditumiza ku Metangula kukaphunzira kasamalidwe ka ana. Wophika phala anali amayi Gertrudes, mayi wamkulu wa mawu aukali koma wa manja ofewa. Ana ankatitchula tonse awiri kuti titiya, kutanthauza azakhali.

Boti la boma linkatibweretsera ufa, mafuta, sopo ndi mkaka wa ufa. Anandiuza kuti ntchito yanga ndi yophunzitsa nyimbo ndi kuwerenga m'Chipwitikizi, koma ntchito yeniyeni inali ina. Panali Ibrahimo, amene chivundikiro cha mphika chikagwa ankalowa pansi pa benchi n'kudzikodzera. Panali Sikudhani, amene ankabisa phala m'malaya kuti adye mawa. Ndikawasiya kuti asewere okha, ankasewera maliro.

Ine ndinalibe mwana wanga, ngakhale ndinali nditakhalitsa m'banja. Mwamuna wanga Leopoldo anali msodzi wa usipa, koma nkhondo itafika anamupatsa mfuti n'kulowa milisiya, gulu la amuna olondera mudzi. Mng'ono wanga Emília ankakhala nafe chimwalirire amayi athu. Mu 1984 anagwidwa kumunda wathu wa kuphiri, kumene anapita kukakumba chinangwa. Tinangopezako dengu ndi khasu.

2

Tsiku lina masana, ana akudya phala, Leopoldo analowa pabwalo la eskolinya, mfuti paphewa lina, mwana paphewa linalo. Anamutsitsa patsogolo panga. Anali wamkazi, wazaka ngati zitatu, tsitsi lofiira, nthiti zonse poyera.

"Ndamutola kuphiri," anatero. "Pamudzi wowotchedwa. Palibe amene watsala."

"Dzina lake ndani?"

"Ndikanafunsa ndani, mitembo? Mumupatse phala."

Anatembenuka kuti azipita, koma mwanayo anamuthamangira n'kumugwira buluku. Leopoldo anachotsa zala za mwanayo pabulukupo chimodzichimodzi, osamuyang'ana kumaso.

Ndinamusambitsa ndi sopo wa boma, ndinamuchotsa matekenya ndi singano, ndipo sanalire ngakhale pang'ono. Ndinamutcha Aurora. Sankalankhula. Akamva phokoso lililonse lalikulu ankagona chafufumimba n'kutseka pakamwa ndi manja onse awiri, ndipo ankakhala choncho mpaka wina amudzutse.

"Wina anamuphunzitsa zimenezi," anatero amayi Gertrudes. "Mwana sabadwa nazo." Anamuyang'anitsitsa kwa nthawi. "Ndipo nkhope iyi si yachilendo kwa ine."

"Ana anjala amafanana, amayi."

"Mwina," anatero, n'kubwerera kumphika.

Ana amasiye ankagona m'makomo mwa anthu amene avomera kuwasunga. Aurora ndinafuna kumusunga ine. Nditamuuza Leopoldo, akusoka ukonde pakhonde, anayankha asanakweze mutu.

"M'nyumba muno salowa."

"Bwanji? Mwamutola ndinu. Ife tilibe wathu."

"Ndati salowa."

"Kodi mukuopa chiyani kwa mwana wosalankhula?"

Anadzuka n'kundimenya ndi chibakera pakamwa. Ndinagwera pamtondo. Anandiponda m'nthiti mpaka mpweya unanditha, kenako anakhala pansi n'kupitiriza kusoka. Anali asanandimenyepo chikwatirane. Aurora anakakhala kwa amayi Gertrudes, ndipo ine ndinauza anthu kuti ndagwa pamiyala pochapa.

3

Miyezi inapita. Aurora anayamba kunenepa, tsitsi linada. Sankaimba ndi anzake, koma ankaomba m'manja, ndipo tsiku lina ndinamupeza akumwetsa Ibrahimo phala ndi sipuni yake. M'mawa uliwonse ankandidikira panjira.

Nthawi imeneyo anthu a m'thengo anali atayamba kulanda chakudya cha boma m'midzi yoyandikana nafe. A Januário, sekeretariyo wa mudzi, anakumba okha dzenje pansi pa khola lakale la mbuzi kuseri kwa eskolinya, n'kuliphimba ndi matabwa ndi ndowe. Boti likabwera, katundu ankalowa m'nyumba anthu akuona, kenako iwo ankamusamutsira m'dzenjemo pang'onopang'ono. Odziwa tinali atatu: iwo, amayi Gertrudes ndi ine.

Kunyumba Leopoldo anasintha. Anayamba kundilankhula bwino, anandibweretsera nsalu. Ankapita kukalondera kuphiri atanyamula mtolo wa usipa wouma ndi mchere, ati ndi kamba wake ndi anzake. Mchere unali wosowa ngati mankhwala, koma sindinafunse. Nthiti zinali zikundikumbutsabe.

"Rosalina," anatero tsiku lina tikudya, "atilamula kuti tizilondera chakudya cha ana. Koma ndaona m'nyumbamo mulibe kanthu. Tizilondera chiyani, makoma?"

"Funsani a Januário."

"Ndifunse mwamuna mnzanga zimene mkazi wanga akudziwa? Zigawenga zikabwera ndikaime pati ndi mfutiyi?"

Ndinamuuza. Ndinaganiza kuti ndikuteteza phala la ana.

4

Boti linabwera ndi katundu wambiri kuposa kale, ndipo pobwerera linatenga asilikali ochepa amene ankakhala m'mudzi mwathu, chifukwa ankafunika ku Lunho. Patangopita masiku pang'ono, Leopoldo anauza anzake a milisiya kuti waona mapazi achilendo kuchigwa cha kumpoto, ndipo onse anapita naye kumeneko m'mawa.

Anthu a m'thengo anatsikira kumwera, dzuwa lili pamutu.

Tinali tikuimba nyimbo ya manambala pamene mfuti yoyamba inalira. Ana ena anagwa pansi, ena anathamangira kukhomo. Amayi Gertrudes anawabweza, anatseka chitseko, iwo n'kuima kunja kwake ndi mthiko m'manja.

"Tulutsirani ana pawindo la kunyanja," anandiuza. "Fulumirani."

Ndinayamba kuwaponya kunja mmodzimmodzi. "Thamangira kumadzi, usacheuke." Ndinkamva mawu a amayi Gertrudes kuseri kwa chitseko.

"Muno muli ana okhaokha. Ana anu omwe. Mulibe manyazi?"

Wina anaseka. Kenako ndinamva chikwanje, monga mmene chimamvekera podula nthochi. Magazi analowa pansi pa chitseko mpaka pamphasa ya ana.

Ndinalumpha pawindo nditanyamula awiri. Nyumba za m'mudzi zinali zikuyaka. Panjira ya kunyanja ndinadumpha mtembo wa bambo wina amene mutu wake anauphwanya ndi munsi. Sikudhani ankathamanga patsogolo panga, manja atagwira malaya ake odzaza phala. Chipolopolo chinamugwira pamsana ndipo anagwa chafufumimba, osalira n'komwe.

Pagombe panali a Hamdani, msodzi wachikulire, ali m'madzi ofika m'chiuno, akukweza ana m'bwato lawo lalikulu.

"Kwerani, titiya."

Ndinayang'ana nkhope za m'bwatomo. Aurora munalibe. Ndinadziwa pamene ali: pansi, m'kalasi, manja pakamwa, akudikira kuti wina amudzutse.

"Pitani, a Hamdani."

Ndinabwerera. Denga la eskolinya linali litagwira moto. Ndinalowera pawindo lomwe lija, ndinamupeza pakona n'kumukoka, koma Ibrahimo pansi pa benchi sindinamuone chifukwa cha utsi. Anamupeza mawa lake. Nditangotuluka, munthu anandimenya ndi tsinde la mfuti kukhutu, ndipo ndinagwa mwana ali m'manja.

5

Nditatsitsimuka ndinali pansi pa mtengo wa mango, pakati pa akazi amene anabwera nawo kuchokera kuthengo kuti adzasenze katundu. Aurora anali pachifuwa panga. Ndinaona amuna akutulutsa matumba m'khola la mbuzi. Sanafufuze kwina kulikonse. Anapita molunjika pakholapo.

Mkazi amene anakhala pafupi nane anali atavala chiguduli. Khutu lake lamanzere linali lodulidwa, chilonda chake chitapola kalekale. Ankayang'ana Aurora, ndipo Aurora ankamuyang'ananso. Mwanayo anatambasula dzanja n'kumugwira pachipsera cha khutucho, ngati munthu amene anazolowera kugwira pamenepo.

"Musandiyang'ane, achemwali," anatero mkaziyo motsitsa mawu. "Yang'anani pansi. Akadziwa kuti ndife pachibale atipha tonse."

Mawuwo ndinawadziwa ndisanadziwe nkhope.

"Emília."

"Wanenepa. Mukumudyetsa bwino."

"Ukumudziwa mwanayu?"

"Ndinamubereka ndine. Ndinamupereka kwa bambo ake chifukwa kubazi, kumsasa wa anthu awa, ana ankafa tsiku ndi tsiku."

"Bambo ake ndani?"

Anadikira kuti mlonda adutse, kenako analankhula mothamanga, maso ali pansi.

"Alamu, amuna anu. Ankandilowera inu mukapita kukachapa. Anati ndikanena andimiza. Nditaima, anachita mantha kuti mimba ioneka. Iwo anali atayamba kale kugulitsa mchere kwa anthu awa. Tsiku lija anandituma okha kumunda, ndipo ndinapeza akundidikira. Ankadziwa ndi dzina langa lomwe."

Ndinkangomva khutu likulira.

"Za dzenjeli awauza ndi alamu," anapitiriza. "Anthu awa anawalonjeza kuti nyumba yawo ndi ngalawa yawo sazigwira. Taonani."

Ndinakweza maso. Mudzi wonse unali utsi, koma denga la nyumba yanga linali chiimire.

Anatisenzetsa katundu. Ine anandipatsa thumba la ufa, Aurora ndinamubereka kumsana. Mtsikana wina woyembekezera analephera kunyamula lake, ndipo anamubaya pomwepo ndi mpeni wa kumfuti kuti enafe tione. Tinayamba kukwera phiri pamzere.

Tikuyandikira mtsinje wa mabango ambiri, Emília, amene anali kumbuyo kwanga, ananong'ona.

"Pamadzipo ndigwetsa mafutawa. Onse athamangira kwa ine. Inu lowani m'mabango."

"Tithawe tonse."

"Ndasiya wina wakhanda kubazi. Amatisiyitsa ana kuti tisathawe. Mukamulere ameneyu, achemwali. Musamuuze za bambo ake."

Tili pakati pa mtsinje ndinamva chitini chikugunda mwala, mafuta akukhuthuka. Amuna anakuwa n'kuthamangira kumbuyo. Ndinatsitsa thumba m'madzi n'kudziponya m'mabango. Ndinagona m'matope, madzi akufika pachibwano, mwana pansi pa mkono wanga. Aurora anatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Ndinamva zonse. Ndinamva ndodo zikugwa pathupi la mng'ono wanga, ndinamva china chikuthyoka. Analira kamodzi kokha. Kenako wina anati, "Musamuphe, anyamule thumba la uyu wathawayu." Anaombera m'mabango mwachisawawa, chipolopolo china chinadutsa pafupi ndi mutu wanga, ndipo mzere unapitirira.

6

Ndinafika m'mudzi m'mawa mwake, anthu akukumba manda. Amayi Gertrudes anawaika atawakulunga m'mabulangete a ana. Sikudhani ndi Ibrahimo anawaika m'manda amodzi chifukwa okumba anali atatopa.

Atamaliza, anthu anasonkhana pagombe. Leopoldo anali pomwepo ndi mfuti yake, akufotokoza mmene anawanamizira ndi mapazi a kuchigwa. Atandiona ndili ndi Aurora kumsana, anayang'ana kumbali.

A Januário anaimirira, dzanja lawo litamangidwa nsanza zamagazi.

"Za dzenje lija tinkadziwa atatu. Mmodzi tamuika kumene. Ine andidula zala izi. Wachitatu anatengedwa ndipo wabwerera wamoyo, ndi nyumba yake yosapsa. Titiya Rosalina, tiuzeni."

Anthu anayamba kundizungulira. Mayi wina amene anataya ana awiri anandigwira tsitsi n'kundigwetsa pamchenga. Mwala unandigunda pamsana. Ndinayang'ana mwamuna wanga. Ndinamupatsa mpata, Mulungu akudziwa. Ndinamudikira.

"Mkazi wanga amalankhula kwambiri pochapa," anatero Leopoldo. "Ndinkamuletsa."

Pamenepo ndinadzuka.

"Ndinauza munthu mmodzi yekha, ndipo ndi uyo. Mwana uyu si wotola. Ndi wake, anamuberekera mng'ono wanga Emília, amene anamugulitsa kuphiri kuti ine ndisaone mimba. Emília ndamuona dzulo ndi maso angawa, alibe khutu. Mufunseni kumene amapita ndi mchere."

"Wapenga ameneyu," anatero Leopoldo. "Amumenya m'mutu."

A Hamdani analankhula ali chikhalire pamphepete pa bwato lawo. "Mcherewo ndimamubweretsera ndine kuchokera kutsidya. Ndinkadabwa kuti banja la anthu awiri limadya mchere wochuluka choncho."

Mmodzi wa milisiya anati, "Mapazi aja anawaona yekha. Ife sitinaone kanthu."

Leopoldo akanaima, mwina akanamumanga n'kumutumiza ku Metangula. Koma anataya mfuti n'kuthamangira kungalawa yake. Anamugwira madzi ali m'mawondo. Amuna anatola nkhafi, akazi anatola miyala. Nkhafi yoyamba inamugwira pankhope ndipo anagwada. Anadzuka, anagwanso. Madzi ozungulira miyendo yawo anafiira. Ankaitana dzina langa, mobwerezabwereza, mpaka mawu anasanduka kukhosomola.

Sindinapite kukamuleretsa. Ndinatembenuza Aurora, ndinakanikiza nkhope yake pamimba panga n'kumutseka makutu. Ine ndinaonerera mpaka mapeto.

7

Eskolinya sinafe. Boma linatumiza ufa wina, ndipo tinayambiranso pansi pa mtengo pafupi ndi gombe, bwato la a Hamdani lili chire nthawi zonse. Aurora analowa m'nyumba mwanga tsiku lomwe lija. Anayamba kulankhula chaka chotsatira, ndipo sanandinenenso kuti titiya ngati anzake. Ankati amayi.

Emília anabwera mu 1993, nkhondo itatha, akutsimphina, ali yekha. Wakhanda uja anafera kubazi. Aurora atamuona pakhomo anabisala kuseri kwa nsalu yanga. Anali atamuiwala.

"Ndimuuze?" ndinafunsa.

"Mukamuuza za ine afunsa za bambo ake. Musiyeni akule."

Choncho Aurora anakula akumutcha amayi aang'ono. Emília ankamuluka tsitsi, ankamuperekeza kusukulu, ankagona naye akadwala malungo. Ndinkamuona akumeza mawu tsiku lililonse. Ine, ndisaname, ndinkaopa tsiku limene adzawatulutse, chifukwa mwanayo anali zonse zimene ndinali nazo.

Chifuwa chinamugwira Emília pamene Aurora anali atatha msinkhu. Nditaona kuti sadzukanso, sindinamupemphe chilolezo. Ndinatenga Aurora n'kupita naye kuseri kwa nyumba, ndipo ndinamuuza zonse, za kumunda, za dzenje, za mtsinje wa mabango, za nkhafi. Anamvetsera osandidula. Kenako anandisiya pomwepo n'kulowa m'nyumba. Ndinamutsatira n'kuima pakhomo.

Anagwada pamphasa, anatenga chikho cha madzi, anadzutsa mutu wa Emília pamkono pake.

"Imwani, amayi," anatero.

Emília anadikira mawu enawo, akuti aang'ono, amene anawamva zaka zonsezo. Sanabwere. Anandiyang'ana ine pakhomopo, kenako anatseka maso n'kumwa. Anamwalira sabata yomweyo, mwana wake ali pambali pake.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ena mudzati ndinapha mwamuna wanga ndi pakamwa panga. Abale ake amatero mpaka lero, ndipo sindikangana nawo. Ena mudzati ndinachedwa kumubwezera Emília mwana wake, ndipo apo mungakhale mukunena zoona. Chimene ndikupemphani ndi chimodzi. Mukaona mtsikana amene mukumusunga m'nyumba wayamba kukhala chete, akuthawa kutsala yekha ndi mwamuna wa m'nyumbamo, mufunseni. Mufunseni muli awiri, ndipo mumukhulupirire. Emília ankandipempha tsiku ndi tsiku kuti apite nane kochapa, ndipo ine ndinkamuuza kuti atsale aziphikira alamu ake.